CISOTI CA WOKWERA KUMBUYO CILI KUTI?

Njinga zamoto zaculuka kwambiri m'misewu ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi. Palibe munthu angakane ubwino wake, pakuti zifika kumidzi kumene basi sifika, zinyamula feteleza pa nthawi ya dzinja, ndipo zathamangitsira odwala ambiri ku cipatala usiku. Koma munthu akaima pambali pa mseu ndi kuyang'anitsitsa, adzaona cinthu comvetsa cisoni. Woyendetsa ali ndi cisoti kumutu, pamene mai wokhala kumbuyo kwake wangomanga duku, ndipo kawirikawiri ali ndi mwana kumsana.

Lamulo la dziko lino silisankha mutu. Lifuna kuti woyendetsa njinga yamoto pamodzi ndi munthu amene wamunyamula avale cisoti coteteza mutu, cimene ambiri acicha helemeti. Lamulo la Road Traffic Act la caka ca 2002 ndilo linakhazikitsa bungwe la RTSA, limene ligwira nchito pamodzi ndi apolisi poyang'anira misewu, ndipo wopezeka alibe cisoti alipitsidwa faindi.

Anthu ayenera kumvetsa cifukwa cake lamuloli linaikidwa. Ubongo wa munthu ndi wofewa, ndipo ukhala m'kati mwa cigaza colimba. Mutu ukamenya pansi mwamphamvu, ubongo uwombana ndi cigaza, mitsempha iduka, magazi ayamba kukha m'kati mosaoneka. Munthu wotere angathe kudzuka, kudzisasa fumbi ndi kulankhula bwino lomwe, koma pofika usiku nkukomoka osadzukanso. Cisoti ceniceni cili ndi cikamba colimba kunja, ndipo m'kati muli cinthu copepuka cimene ciphwanyika kuti mphamvu ya kugwa isafike yonse ku ubongo. Cifukwa cake cisoti cimene cinamenyapo kale pansi pa ngozi siciyenera kudaliridwanso, ngakhale cioneke cabwino kunja. Cipewa ca anthu omanga nyumba sicinapangidwire nchito imeneyi. Ndiponso cisoti cosamangidwa lamba pacibwano cicoka munthu asanafike pansi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalemba m'caka ca 2018 kuti cisoti covalidwa bwino cicepetsa imfa ndi magawo 42 pa 100, ndi kuvulala kwa mutu ndi magawo 69 pa 100.

Nzeru imeneyi inagulidwa ndi miyoyo. M'caka ca 1935 msilikali wochuka wa ku Britain, T. E. Lawrence, anafa atagwa pa njinga yamoto alibe cisoti. Mmodzi wa madokotala amene anamuona, Hugh Cairns, anafufuza za kuvulala kotere, ndipo m'caka ca 1941 asilikali a dzikolo oyendetsa njinga zamoto analamulidwa kuvala zisoti. Anthu wamba a kumeneko anaikiridwa lamuloli m'caka ca 1973. Kuno ku Africa, mumzinda wa Kigali ku Rwanda, woyendetsa njinga yonyamula anthu ayenda ndi zisoti ziwiri, ndipo wokwera apatsidwa cake asanakhale pampando.

Kwathu kuno kuli mkhalidwe woipa wakuti mnyamata apacika cisoti pa cigwiriro ca njinga, nkucivala pokhapokha akamva kuti apolisi aima patsogolo. Iye ayesa kuti wacenjera. Koma apolisi sangaime pa mlatho uliwonse ndi pa mcenga uliwonse wa m'njira za kumidzi, kumene mbuzi kapena ngolo ya ng'ombe itulukira mwadzidzidzi. Wovulala mutu kwambiri kumeneko afunika madokotala a ubongo, amene ali ocepa m'dziko muno, ndipo ulendo wocokera ku Chipata kukafika ku cipatala cacikulu ca UTH ku Lusaka upitirira makilomita 500.

Faindi ndi yofunika, koma nthawi zambiri igwera munthu wosauka koposa onse pa nkhaniyi. Anyamata ambiri ayendetsa njinga zimene si zao. Mwini njinga akhala pakhomo kulandira ndalama madzulo alionse, osagulako ngakhale cisoti cimodzi, ndipo mnyamata akagwidwa alipira yekha kucokera m'thumba mwake. Munthu amene anapeza ndalama zogulira njinga sangalephere kugula zisoti ziwiri. Nkoyenera kuti cilango cizifikanso kwa mwini njinga amene aitumiza pa mseu ilibe cisoti ca wokwera.

Okwera naonso ali ndi madandaulo ao. Ena anena kuti cisoti citentha m'mwezi wa October, ena anyansidwa kuvala cimene cavalidwa ndi anthu ambiri, ndipo amai ena aopa kuononga tsitsi. Dandaulo la ukhondo ndi lomveka, koma duku kapena kansalu koyera kumutu kathetsa vutolo, ndipo woyendetsa ayenera kupukuta cisoti ca okwera ake tsiku ndi tsiku.

Mafumu, anyakwawa ndi atsogoleri a m'midzi adziwa bwino eni njinga onse a m'dera lao, ndipo nkhaniyi iyenera kukambidwa pa misonkhano monga momwe akambira za zitsime ndi za sukulu. Pa malo alionse pamene njinga ziima kudikira anthu, anyamata angagwirizane kuti mnzao wopanda zisoti ziwiri asaloledwe kunyamula munthu pamenepo. Wokwera nayenso, popeza ndiye alipira ndalama ya ulendo, ali ndi mphamvu yofunsa cisoti cake asanakwere, ndipo ngati palibe, adikire njinga ina.