Musawanene Ulesi Anthu a ku Tete

Adzukulu anga ndi inu nonse okonda za makolo, ambiri mwa inu amene mumapita ku Harare kapena ku Johannesburg pa basi mumadutsa mumzinda wa Tete, m'dziko la Mozambique. Mukangotuluka pa chipata cha Mwanza n'kulowa pa Zóbuè, msewu umayamba kutsetsereka, malambe amayamba kuchuluka, ndipo mphepo yolowera pa zenera imasanduka ngati mpweya wa mu uvuni wa njerwa. Pobwerako nkhani yanu imakhala imodzimodzi: "Ku Tete kumatentha, ndipo anthu ake amangokhala pamthunzi masana onse." Mau oyambawo ndi oona. Achiwiriwo ndi chipongwe, ndipo ine sindigwirizana nawo. Kumbukiraninso kuti amene mukuwanenawo ndi abale athu, pakuti Chinyungwe chawo ndi chiyankhulo chathu n'zapachibale, ndipo ku Angónia, m'chigawo chomwecho cha Tete, amayankhula Chichewa chenicheni.

Tiyambe taona chimene chimabweretsa kutenthako. Mzindawu uli m'mphepete mwa Zambezi, pansi penipeni pa chigwa, ndipo kukwera kwake kuchokera pa nyanja yamchere sikufika mamita 200. Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000, Dedza kuposa pamenepo. Tinkaphunzitsa ana kuti munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Tsono wochoka kumapiri kupita ku Tete akutsikira m'chiwaya. Nyanja yamchere ili kutali, ndipo mphepo yachinyontho ikamafika m'chigwamo imakhala itasiya kale madzi ake ambiri m'mapiri.

Kuyambira Meyi mpaka Julayi kumeneko kumakhala bwino. Usiku kumazizirira, masana dzuwa limafunda mofatsa, ndipo masau amapsa n'kudzaza misika. Koma Seputembala akangolowa, chilimwe chimayamba kuluma. Okutobala ndi Novembala ndiyo miyezi yoopsa, chifukwa dzuwa limadutsa paliwombo penipeni mitambo ya mvula isanafike kuti ilitchinge. Masiku ambiri kutentha kumafika madigiri 40 ngakhale kupitirira. Nyenje zimalira osapuma, akamvuluvulu amanyamula fumbi, ndipo usiku makoma amabweza moto umene anamwa masana, mpaka anthu amatulutsa mphasa kukagona pabwalo. Mvula yeniyeni imagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo chaka chonse nthawi zambiri sikwana mamilimita 700. Imabwera mwaukali, ndi ziphaliwali, kenaka n'kudula masabata angapo.

Tsono taganizani za mlimi wa dziko lotere. Iye amadzuka tambala akulira, nagwira khasu kunja kusanayere bwino. Pamene basi yanu ikuwoloka mlatho wa pa Zambezi dzuwa lili pamutu, mwinamwake mukuwodzera, iyeyo wagwira kale ntchito maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Dzuwa likapendeka abwerera kudimba la m'mbali mwa mtsinje. Inu mwangoona chigawo chapakati cha tsiku lake, n'kuweruza tsiku lonse. Safunsa anadya phula. Mukanafunsa, akanakuuzani kuti wolima masana a Novembala amamva chizungulire, amakomoka, ndipo mawa lake khasu limagona.

Nzeru yomweyo imaoneka pa zonse zimene makolo a m'chigwa anasankha. Analima mapira ndi mchewere, mbewu zopirira mvula ikadula. Anaweta mbuzi, zimene zimakhuta ndi masamba ndi zitheba pamene udzu wauma. Sanadule msangu m'munda, mtengo wodabwitsa uja umene umayoyola masamba m'dzinja kuti mbewu zione dzuwa, n'kuphukanso m'chilimwe pamene munthu ndi chiweto akufuna mthunzi. Nyumba yawo inali ya dothi, yofolera udzu, ya khonde lozungulira, ndipo madzi a mumtsuko ankazizira popanda magetsi. Ngakhale Apwitikizi, amene anakhala ku Tete zaka mazana anayi, anamanga nyumba za makoma ochindikala ndi makonde aakulu. Dzuwa linawaphunzitsa iwonso.

Ena anena kuti zimenezi n'zakale, lero kuli mafani ndi makina oziziritsa m'nyumba. Inde alipo, ndipo m'maofesi ndi m'mahotela a mumzindamo amathandizadi. Komatu damu la Cahora Bassa, limene linatsekereza Zambezi mu 1974 kumtunda kwa Tete, magetsi ake ambiri amagulitsidwa ku South Africa, ndipo mayi wogulitsa masau pamsewu sangagule makina otere. Chimene iye angakwanitse ndi mtengo pakhomo ndi ufulu wopumula masana. Zonse ziwirizi zikulandidwa: mitengo ikuthera m'matumba a makala, ndipo aliyense akufuna malata opanda siling'i chifukwa udzu akuti ndi umphawi.

Nyengo nayonso sikutichitira chifundo. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúboè, pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo namondwe yemweyo anaononga malo opangira magetsi a Kapichira kwathu kuno. Mu 2024 kunabwera chilala cha El Niño, chimene chinapsereza chimanga ku Tete ndi m'maboma ambiri a Malawi. Amene anali ndi mapira ndi dimba anapezako popumira.

N'chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza, makamaka abale a ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene dzuwa ndi lomwelo. Ndinakhala m'kalasi zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti mwana wokhala pansi pa malata otentha nthawi ikapitirira 11 koloko samvanso kanthu. Amangoyang'ana bolodi, thukuta lili kamukamu. Ndandanda ya nthawi imene imayenera ku Dedza siyenera ku Nsanje. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, sukulu za m'chigwa ziloledwe kuyamba 6 koloko m'mawa n'kuweruka dzuwa lisanafike pamutu, ndipo komiti ya sukulu iliyonse ibzale mitengo kumadzulo kwa makalasi, kumene dzuwa la masana limaomba khoma.