ZA PAKHOMO PATHU: Ciwerengero ca Cakudya ca m'Foni, Anacilemba Ndani?



Mwezi uno tikambe za cinthu cimene calowa m'midzi yathu pamodzi ndi ana athu ocokera ku tauni, ndiponso ndi odwala amene auzidwa ku cipatala kuti asamale kadyedwe kao. M'foni za m'manja muli mapulogalamu owerengera cakudya. Munthu akatha kudya alemba dzina la cimene wadya, ndipo foni imuuza kuti wadya makalori akuti. Kalori ndiwo muyeso wa mphamvu imene thupi litapa m'cakudya, monga lita liri muyeso wa mafuta a nyali. Ambiri, poona ciwerengero cotuluka m'makina, acilandira ngati cosalakwa, naiwala funso limene munthu wanzeru afunsa akamva mbiri iri yonse, lakuti: wanena ndani?

Imodzi ya mapulogalamu odziwika koposa ndiyo MyFitnessPal, imene anaiyamba Mike Lee ku America m'caka ca 2005. Nkhokwe yace ya maina a zakudya inakula kufikira mamiliyoni, pakuti eni ace analola munthu ali yense kulembamo yekha cakudya cimene sanacipeze, pamodzi ndi ciwerengero cace. Ndipo cimene walemba mmodzi, anzace a m'maiko onse acipeza nacikhulupirira. Taganizani nkhokwe ya mudzi wonse yopanda woiyang'anira: uyu athiramo cimanga couma bwino, uyo cofumbwa, winanso zitsononkho zokha. Nkhokwe idzala ndithu, koma wotapamo usiku sadziwa cimene wagwira. Eni pulogalamu aika cizindikiro pa zakudya zina zimene aziyesa naziona zolondola, koma zambiri ziribe cizindikiroco.

Olembawo si anthu abodza ai. Ambiri alakwa mosadziwa. Mpunga wosaphika wolemera magalamu 100 uli ndi makalori ngati 360, koma ukapsa wamwa madzi, ndipo magalamu 100 a mpunga wophika ali ndi makalori ngati 130 okha. Wolemba akangoti "mpunga," osanena ngati uli wouma kapena wophika, wasokeretsa ali yense womtsata. Enanso akopera pa paketi yocokera ku South Africa, kumene mphamvu ya cakudya ailemba ndi muyeso wina wochedwa kilojoule, kapena kJ. Kalori imodzi ilingana ndi makilojoule 4 ndi pang'ono. Tsono paketi yonena 840 kJ itanthauza makalori ngati 200, ndipo amene alemba 840 m'malo a makalori wacurukitsa ciwerengero kanai. Ngakhale paketi yomwe siinena zeni zeni kufikira pa kalori womariza: lamulo la ku America lilola kuti makalori apitirire olembedwawo ndi magawo 20 pa 100.

Koma bvuto lalikuru kwa ife liri pa nsima. Wina alemba kuti, "nsima, mtanda umodzi," naikapo ciwerengero. Mtanda wa yani? Amai onse adziwa kuti cipande ca pa ukwati sicilingana ndi ca mwezi wa njala, ndi kuti nsima yolimba ya mlimi wopita ku munda itenga ufa wambiri kuposa yofewa yophikira wodwala. Madzi alibe kalori ndi imodzi yomwe. Mphamvu yonse iri mu ufa. Ufa wa cimanga wolemera magalamu 100 uli ndi makalori ngati 360. Mai akabvundula nsima ndi ufa wa magalamu 500, mphika wonse uli ndi makalori ngati 1,800. Akaomola mitanda isanu, mtanda uli wonse uli ndi 360. Akaomola isanu ndi itatu, uli wonse uli ndi 225. Mphika ndi womwewo, ufa ndi womwewo, koma mau akuti "mtanda umodzi" asintha tanthauzo. Nanga munthu wa kutali amene sanauone mphika wanu adzadziwa bwanji? Ndiwo nazonso ziri cimodzimodzi. Nkhwani wowiritsa ndi mcere wokha ali ndi makalori ocepa, koma supuni yaikuru imodzi ya mafuta ophikira iwonjezera makalori ngati 120, ndipo nsinjiro, pokhala mtedza wolemera magalamu 100 uposa makalori 550, isanduliza ndiwo zotendera kukhala cakudya camphamvu. Ici ndi cabwino ndithu kwa mwana wokula, ndipo mai asaleke kutendera cifukwa ca foni. Koma dzina lakuti "nkhwani" lokha silinena ciri conse ca zimenezi.

Iripo njira yoyesera ciwerengero, ndipo mwana wa sukulu akhoza kuitsata. Wilbur Atwater, katswiri wa ku America amene anamwalira m'caka ca 1907, ndiye anakhazikitsa kawerengedwe kamene kagwirabe nchito: galamu imodzi ya mapuroteni, ndizo zomanga thupi, ipatsa makalori 4, galamu ya makabohaidireti, ndizo za ufa ndi shuga, ipatsanso 4, galamu ya mafuta ipatsa 9. Foni ikaonetsa cakudya ca mapuroteni magalamu 10, makabohaidireti 20 ndi mafuta 5, werengani: 40 ndi 80 ndi 45 zipanga 165. Ngati pamwamba palembedwa 60 kapena 400, wolembayo anaphonya. Ndiponso popeza mafuta ndiwo aposa zonse, palibe cakudya ca magalamu 100 cingapitirire makalori ngati 900. Mukaona coposa apo, cisiyeni.

Dziwaninso kuti m'caka ca 2019 dziko la Malawi linaturutsa buku lace loyamba lofotokoza zimene ziri m'zakudya zathu, ndipo akatswiri a sukulu ya zaulimi ya LUANAR anali m'gulu la olikonza. Alangizi a za kadyedwe ku cipatala ndiwo oyenera kufunsidwa za ilo. Mau ao aposa a mlendo wosadziwika amene analemba "nsima" asanagwirepo mthiko.

Tisaloze cala olemba a kutali okha. M'caka ca 1992 madokotala a ku New York anayesa anthu owerengeka amene ankadandaula kuti adya pang'ono koma saonda. Anapeza kuti cimene anthuwo ananena kuti adya cinali pafupi ndi theka lokha la cimene anadyadi. Citumbuwa ca pa njira, cikho ca thobwa ca kwa anansi, mtedza wokukuta pocezera, izi mtima uziiwala msanga, ndipo foni siiwerenga cimene sinauzidwe.

Kwa munthu wamoyo wabwino, kuphonya kotere sikupha. Koma alipo ena amene ciwerengero colakwa ciwaika pa ngozi. Wodwala matenda a shuga wobaya insulini, akayesa mankhwala ace potsata makabohaidireti olembedwa mocurukitsa, akhoza kubaya mopitirira, shuga natsika kufikira kukomoka. Wotereyu asasinthe muyeso wa mankhwala pa mau a foni, koma pa mau a dokotala kapena namwino wace. Ndipo inu makolo, penyani ana anu, makamaka atsikana a msinkhu wa unamwali: mukaona mwana akana nsima tsiku ndi tsiku, naonda, nayang'ana m'foni asanatenge mbamu, musayese ulemu kapena kusala kwa Lenti. Kusala kumene Eklezia alamula kuli ndi masiku ace, ndipo ana ndi odwala sawasenzetsa katundu ameneyu. Mwana wotere mulankhule naye mofatsa, ndipo mupite naye ku cipatala.

Otsala ndi inu acinyamata amene mulembamo zakudya zatsopano. Lamulo lacisanu ndi citatu liletsa umboni wonama, ndipo colemba canu ciri umboni umene adzautsamira munthu amene simudzamuona. Musalembe congoganiza. Nenani ngati cakudyaco ciri cophika kapena cosaphika. Lembani kulemera kwace m'magalamu, osati "mbale" kapena "mtanda". Penyani pa paketi ngati palembedwa kcal kapena kJ. Pakhomo popanda sikelo, pitani ndi kapu imene amai atapira ufa kwa wogulitsa wa sikelo ku msika, muyese kamodzi kapu yodzala, nimulembe kulemera kwace pa cikuto ca kope. Kuyambira pamenepo mudzangowerenga makapu olowa mu mphika ndi mitanda yoturukamo.