ZA M'NYUMBA YA MALAMULO: Phungu Amene Anatsala Yekha pa Mipando

Mmodzi wa owerenga athu wa ku Petauke watilembera kalata yofunsa kuti kodi munthu wa kumudzi angadziwe bwanji ngati phungu wake ali kugwira nchito imene anamtumira. Iye akuti pa nthawi ya cisankho onse amalankhula zokoma, koma akapita ku Lusaka sitimvanso za iwo kufikira zaka zisanu zitatha. Funso limeneli ndi lalikulu, ndipo yankho lake liri m'buku. Nyumba ya Malamulo iriyonse imene inatengera mwambo wa ku Britain, monga yathuyi, imalemba mau onse olankhulidwa m'menemo m'buku lochedwa Hansard. Aphungu akagawikana pa nkhani ndipo mavoti awo awerengedwa mmodzimmodzi, maina a obvomera ndi a okana amalembedwanso. Mau a pa msonkhano wa pansi pa mtengo amapita ndi mphepo, koma a m'bukumo amakhala.

Sinditenga citsanzo ca phungu wa kuno kwathu, poopa kuti ena anganene kuti ndiri kukometsera cipani cakuticakuti. Nditenga phungu wa dziko la South Africa, Mai Helen Suzman, amene anamwalira pa 1 Januwale 2009 ali ndi zaka 91. Mbiri ya mavoti awo inatsekedwa kale, cotero tingathe kuiwerenga yonse mosakondera.

Mai Suzman anali Mzungu, mwana wa Ayuda amene anacokera ku Lithuania. Analowa m'Nyumba ya Malamulo ku Cape Town m'caka ca 1953, kuimira dera la Houghton mu mzinda wa Johannesburg, dera la Azungu olemera. Masiku amenewo munthu wakuda sanali kuloledwa kukhala pa mpando m'Nyumbamo. Boma linali m'manja mwa cipani ca National Party, eni ake a lamulo la tsankho la apartheid, ndipo Mai Suzman anali m'cipani cotsutsa ca United Party. Koma kutsutsa kwa cipani cimeneci kunali kwa pakamwa cabe. Nthawi zina boma likabweretsa lamulo lopondereza anthu akuda, ico cinali kung'ung'udza pang'ono, kenaka ndi kulibvomera. Cifukwa ca ici, m'caka ca 1959 Mai Suzman pamodzi ndi anzawo ena anaturukamo ndi kuyambitsa cipani ca Progressive Party. Apolisi ataombera ndi kupha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960, boma linabweretsa lamulo loletsa zipani za ANC ndi PAC. United Party inabvomera. Kagulu katsopanoka kanakana.

Azungu oponya voti sanakondwere nazo. Pa cisankho ca 1961 anzawo onse anagwa, ndipo Mai Suzman okha ndiwo anapulumuka, ndi mavoti 564 okha oposa a mnzawo wopikisana naye. Kucokera pamenepo kufikira 1974, zaka 13 zathunthu, anali phungu mmodzi yekha wa cipani cawo pakati pa aphungu oposa 150.

Tsopano tiyeni tione voti imene anthu amaikumbukira koposa zonse. M'caka ca 1963 Nduna ya za Cilungamo, a B.J. Vorster, anabweretsa lamulo lopatsa apolisi mphamvu yotsekera munthu masiku 90 popanda kumtengera ku khoti, popanda kuonana ndi loya kapena wacibale. Masikuwo akatha, apolisi anali kutha kumgwiranso pakhomo pomwepo ndi kuyambanso kuwerenga. M'lamulo lomwelo munali cigawo cokonzedwera munthu mmodzi, a Robert Sobukwe, mtsogoleri wa PAC, amene anali atatsiriza zaka zitatu zimene khoti linawagamula. Cigawoco cinalola boma kuwasungabe ku cisumbu ca Robben Island, ndipo anakhala kumeneko kufikira 1969.

Mwambo wa m'Nyumbayo unali wakuti mavoti akamawerengedwa, obvomera akhale mbali imodzi ndipo okana mbali inayo. Itakwana nthawi, aphungu a United Party ananyamuka napita kukakhala pamodzi ndi a boma. Mbali ya okana kunatsala mipando yopanda anthu, ndi mai mmodzi atakhala pakati pake. Lamulo linapita. Mu Sepitembala caka comweco a Looksmart Ngudle anafera m'manja mwa apolisi, munthu woyamba kufa atatsekeredwa mwa lamulo limenelo. M'caka ca 1965 masiku 90 aja anasanduka 180, ndipo mu 1967 linadza lamulo lochedwa Terrorism Act, lolola kutsekera munthu popanda malire a masiku. Onsewa Mai Suzman anawakana, ndipo cigawo ca a Sobukwe anacikana caka ndi caka pamene boma linali kucibweretsa kuti cionjezedwe.

Wina angafunse kuti nanga voti imodzi yogonja ithandiza ciani? Zoonadi, palibe lamulo ndi limodzi lomwe mwa awa limene voti yawo inaliletsa. Koma taonani cimene inacita. Popanda iyo, bukulo likadanena kuti Nyumba yonse inabvomera. Cifukwa ca iyo, phungu aliyense amene anaoloka tsiku lija sakanathanso kunena pambuyo pake kuti kunalibe njira yina, pakuti njirayo inalipo ndipo mnzawo anaiyenda iwo akupenya.

Cida cawo cina cinali mafunso. Manyuzipepala a m'dzikomo anali omangidwa pakamwa ndi malamulo ambiri, koma zonenedwa m'Nyumba ya Malamulo anali kuloledwa kuzisindikiza. Cotero Mai Suzman anali kufunsa nduna mafunso mazanamazana: ndi anthu angati atsekeredwa, ndi angati agwidwa cifukwa ca ziphaso, ndi mabanja angati asamutsidwa mokakamiza pa malo awo. Nduna inali kuyenera kuyankha, ndipo yankholo linali kuturuka m'nyuzipepala m'mawa mwake. Nduna ina itawadzudzula kuti mafunso awo ali kucititsa manyazi dziko, iwo anayankha kuti cocititsa manyazi si mafunso awo iai, koma mayankho a ndunayo. Za ziphasozo akuluakulu a kuno safuna kufotokozeredwa. Agogo anga, amene anagwirako nchito ku migodi ya ku Joni, anali kunena kuti munthu angaiwale cakudya ca masana koma osati pepala lija. Ndipo kuno komwe tinali ndi citupa, cimene anthu anacitentha pa nthawi ya Cha Cha Cha mu 1961. Ku South Africa malamulo a ziphaso anathetsedwa mu 1986.

Codabwitsa ndi cakuti Sipikala wa Nyumbayo, a Henning Klopper, amene anali wa cipani ca boma ndiponso wosagwirizana nawo pa ciriconse, anali kuwapatsa mpata wolankhula pa nkhani zazikulu. Popanda mpata umenewo phungu mmodzi akadangokhala cete zaka zonsezo.

Ufulu wa uphungu anaugwiritsanso nchito poyendera ndende. Mu 1967 anapita ku Robben Island, kumene akaidi anawalozera ku cipinda ca a Nelson Mandela kuti ndiwo awalankhulire. A Mandela anafotokoza za cakudya, zobvala, ndi za woyang'anira wina wankhanza. Pasanapite nthawi yaitali woyang'anirayo anacotsedwa pa cisumbupo.

Koma ndikalekera pamenepa ndidzakhala nditakunamizani, pakuti buku lomwelo liri ndi masamba ena amene ife a kuno sitingawaombere m'manja. Kwa zaka zambiri cipani ca Mai Suzman sicinali kufuna voti ya munthu aliyense. Cinali kunena kuti munthu, wakuda kapena woyera, ayambe waonetsa maphunziro kapena cuma cakuticakuti asanapatsidwe voti yofanana ndi ya ena. Tangoganizani mlimi wa kumudzi amene boma lomwelo linammana sukulu ndi munda, kenaka auzidwa kuti alibe voti cifukwa alibe sukulu ndi munda! Maganizo amenewa cipanico cinawasiya mu 1978, pamene ife kuno tinali titakhala kale zaka 14 pa ufulu.

Nkhani yaciwiri ndiyo yotikhudza koposa. Mai Suzman anakana kwa mtu wa galu kuti maiko aleke malonda ndi South Africa. Iwo anali kunena kuti mafakitale akatsekedwa, woyamba kutaya nchito ndi munthu wakuda, ndi kuti maiko oyandikana nalo adzabvutika pamodzi. A Kenneth Kaunda, a Desmond Tutu ndi cipani ca ANC, cimene likulu lake linali mu Lusaka, anali kunena zosiyana: kuti boma la Mabunu silidzamva kanthu kufikira thumba lake litabooka, ndi kuti anthu akuda ali okonzeka kupirira. Zambia sinali kulankhula ngati woonerera. Pa 19 Meyi 1986 ndege za nkhondo za South Africa zinaponya mabomba ku Makeni, pafupi ndi Lusaka, tsiku lomwelo limene asilikari ake anathiranso nkhondo ku Harare ndi ku Gaborone. Mu Okutobala caka comweco Nyumba ya Malamulo ya ku America inakhazikitsa lamulo locepetsa malonda ndi South Africa, ngakhale kuti Pulezidenti Ronald Reagan analikana. Kwa ine, a Kaunda ndiwo anaona patali pa nkhani imeneyi. Komabe sindinganene kuti maiyo anali kubisa mtima wake. Anazinena poyera, pamaso pa ophunzira a ku maiko akunja amene anali kumkuwiza, monga momwe ananenera zina zija pamaso pa nduna zomnyoza.

Panalinso ena onena kuti kungokhala m'Nyumba ya Azungu okhaokha kunali kuikometsa, kuti dziko lapansi liziyesa kuti kumeneko kuli ufulu wolankhula. Mtsogoleri wa cipani cawo, a Frederik van Zyl Slabbert, anafika pa maganizo otere ndipo anatula pansi uphungu mu Febuluwale 1986. Mai Suzman anakwiya nazo kwambiri, natsalabe pa mpando. A Mandela, amene anasiyana nawo pa za malonda zija ndiponso pa za kumenya nkhondo, sanawataye. Mai Suzman anakhala mmodzi wa oyang'anira cisankho coyamba ca anthu onse mu 1994, ndipo analipo ku Sharpeville pa 10 Disembala 1996 pamene a Mandela anasaina malamulo atsopano oyendetsera dziko.

Kwa mnzathu wa ku Petauke, njira ndi yomweyi imene tayenda lero. Pitani ku ofesi ya phungu ya m'dera lanu mukafunse zinthu zitatu: mafunso amene iye wafunsa nduna, malamulo amene walankhulapo, ndi mbali imene dzina lake linalembedwa pamene Nyumba inagawikana. Ngati simutha Cingerezi, tengani mphunzitsi kapena mwana wa sukulu akakuwerengereni. Zina mudzakondwera nazo, zina iai, monga momwe taonera.

Mai Suzman anapuma pa uphungu mu 1989, atakhala m'Nyumbamo zaka 36. Imodzi mwa nchito zawo zotsiriza inali kupempha Nyumba kuti idzudzule woweruza wina amene anapereka cilango copepuka kwa mlimi wacizungu amene anamenya wanchito wakuda mpaka kumupha. Aphungu a boma anakana, ndipo pempholo linagwa.