Nkhumba, Ubongo ndi Msewu wa ku Nthalire

Kwa anthu a ku Nthalire nkhumba ndi chuma chothandiza pa fizi ndi pa maliro. Koma kumaiko akutali chiweto chomwechi chikuthandiza akatswiri ofufuza za matenda opha ziwalo, amene madokotala amati sitiroko. Matendawa amadza mtsempha wa mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika, ndipo munthu amene dzulo anali kumunda amadzuka kukamwa kutapotoka, mkono ndi mwendo zitafa.

Kwa zaka zambiri ofufuza adadalira makoswe ndi mbewa. M'chaka cha 2006 kudawerengedwa njira 1,026 zochizira matendawa zimene zidayesedwa, koma pafupifupi zonse zimene zidafika kwa odwala zidalephera. Chifukwa china nchakuti ubongo wa mbewa ngosalala, pamene wa nkhumba uli ndi makwinya monga wa munthu. Mbali yoyera ya ubongo, imene imanyamula mauthenga, mwa nkhumba ndi mwa munthu imaposa theka, koma mwa mbewa ili ngati gawo limodzi mwa magawo 10. Nchifukwa chake sukulu zina, monga University of Georgia ku America, zidatembenukira ku nkhumba.

Ntchitoyi siyosangalatsa. Pansi pa ubongo wa nkhumba pali timitsempha tolukana ngati ukonde, motero kachubu sikangadutse monga kamadutsira mwa munthu. Ofufuza amaigoneka ndi mankhwala, naboola chigaza, natseka mtsempha mwadala. Ikatsitsimuka imayenda mwapendapenda, iwo nkumayesa ngati mankhwala akuithandiza. Wopha nkhumba paukwati sangawatsutse msanga anthuwa, komabe kuvutitsa nyama motere nkoyenera pokhapokha phindu lake litafika kwa odwala.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya ku Nthalire. Mankhwala osungunula magazi oundana, amene adavomerezedwa ku America mu 1996, ayenera kuperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka, ndiponso wodwalayo atajambulidwa mutu ndi makina. Aliyense amene adayendapo m'dzinja pa msewu wopita ku boma la Chitipa kudzera ku Wenya ndi ku Chisenga adziwa kuti maolawo amathera m'matope. Ngakhale nkhumba za ku Georgia zitavumbula mankhwala ena atsopano, adzafika mochedwa kwa mayi wa kuphiriko.

Chimene chili pafupi nkupewa. Kafukufuku wa mu 2009 adapeza kuti m'dziko muno munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sadziwa. Vutoli ndilo gwero lalikulu la sitiroko, koma likadza ziwalo zitafa, ena amathamangira kuloza mfiti. Aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu, amene adaphunzira za mtima ndi mitsempha m'kalasi, ayenera kuperekeza makolo awo kuchipatala kukayezetsa magazi asanadwale, ndi kuwakumbutsa kuchepetsa mchere ndi kusaleka kumwa mapiritsi mutu ukangosiya kuwawa.