Kapeti yakale pa car wash: funsani mukalibe kuisiya

Mukakwela minibasi ya ku Matero, Chawama kapena Mtendere pa Ciwelu m'mawa, yang'anani pa windo. Pa car wash zambili mpanda wadzala makapeti oyanika, ndipo masiku ena makapeti amaculuka kupambana mamotoka. October ndiye mwezi wake. Fumbi yadzala m'nyumba, dzuwa ili phwee, ndipo aliyense afuna kuwasha mvula ikalibe kuyamba.

Bizinesi iyi yakula pa zifukwa zomveka. Nyumba ya zipinda ziwili mu komboni ilibe malo oyalapo kapeti ya mamita atatu, ndipo madzi ni ogula pa cigubu pa cigubu. Anyamata a pa car wash ali na thanki, mashini na simenti pansi. Mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo ZESCO inali kupatsa malaiti maola ocepa cabe patsiku, amene anali na jenseti kapena mashini ya petulo ndiwo anapitiliza kugwila nchito. Ine sinitsutsa anyamatawa. Ambili apeza pamenepo ya unga na ya lendi.

Vuto ni yakuti mashini ya presha anaipangila citsulo ca motoka na simenti. Madzi a pa pompi amabwela na mphamvu ya mabar awili, atatu kapena anayi. Mashini, ngakhale yaing'ono, imafika mabar 100 na kupitilila. Makapeti ambili atsopano amene tigula ku Kamwala ni a ulusi wa pulasitiki, ndipo amapilila. Koma pakati pa makapeti opacikidwa pa mpanda paja pali ena a ubweya wa nkhosa, a ku salaula kapena osiyidwa na makolo, ndipo mnyamata amawathila madzi mofanana na mateyala a Hiace.

Ndinaziona na maso kwa azakhali anga. Kapeti yao yofiila, imene amalume anagula akali pa nchito, inakhala pa sitting room zaka zambili kupambana zanga zobadwa. Anaipeleka ku car wash ina ya pafupi. Mnyamata ati, "Osadandaula amai, izabwela monga nyowani." Inabwela yoyela, zoona. Koma utoto wofiila unalowa m'maluwa oyela, mphonje za m'mbali zinathothoka, mbali imodzi inafupika, ndipo patapita masiku atatu nyumba yonse inali kununkha monga galu wonyowa. Lisiti panalibe. Mwini malo ati kapeti inali yakale kudala.

Cimene cinacitika ni ici. Ubweya wa nkhosa uli monga tsitsi la munthu. Ukaumenya na madzi amphamvu, makamaka otentha, tuulusi twake tumakolana na kuuma gwa, ndipo situmasukanso. Sopo ya ufa yocapila zovala ni yaukali kwa ubweya, ndipo mankhwala oyeletsa a klorini amaudya ndithu. Pansi pa kapeti yoluka pamanja nthawi zambili pamakhala ulusi wa thonje. Presha imakankhila madzi na dothi mpaka mkati mwa thonje limenelo, ndipo likakhala lonyowa masiku angapo limayamba cuku na kuola. Ubweya umanamiza: pamwamba ungaoneke wouma pamene mkati mukali madzi.

Kudziwa kapeti yanu sikufuna sukulu. Dulani kaulusi kamodzi kumbali, kaocheni na macisi. Kakanunkha monga tsitsi lopsa na kusanduka phulusa, ni ubweya. Kakasungunuka n'kukhala kampila kolimba, ni pulasitiki. Ngati ni ubweya, yambani na kuikuntha fumbi ili youma, cifukwa fumbi yonyowa ni matope. Pukutani pakona na kansalu koyela konyowa. Kakatenga utoto, lekelani pamenepo, musaiviike. Kakapanda kutenga, madzi ozizila, shampu ya tsitsi pang'ono na bulasho yofewa, motsatila kumene ubweya wagonela, ni zokwanila. Ngati mashini iyenela kugwila nchito, ikhale yotsukuluza cabe, madzi omwazika, mnyamata ataimilila patali. Ndipo iume yogona pa matabwa kuti mphepo ipite pansi, osati yolendewela pa mpanda wa mabotolo osweka.

Manje pali nkhani ina imene ikhudza na amene alibe kapeti. Mashini yaing'ono imatulutsa malita pafupifupi 7 pa mphindi. Kwa mphindi 20 ni malita 140, zigubu 7 za malita 20. Kukamba zoona, paipi yotsegula cabe imataya madzi ambili kupambana apo, ndiye pa kusunga madzi mashini siilakwa. Funso ni lakuti madziwo acokela kuti, ndipo apita kuti.

Ku Kanyama pansi ni mwala wa laimu wokhala na ming'alu, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Cimene mwathila pamwamba sicicedwa kufika m'zitsime, momwenso zimbudzi zokumba zimadonthela. Kolela imene inayamba mu October 2023 inadwalitsa anthu opitilila 20,000 m'dziko muno na kupha oposa 700, mpaka Heroes Stadium inasanduka cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu January 2024. Sinikamba kuti makapeti ndiwo anabweletsa kolela, iyai. Koma ngati thanki ya pa car wash idzazidwa na madzi a m'citsime cosaya, kapeti imene yaviikidwa m'madziwo n'kubwela ikalibe kuumitsitsa ndiyo imene mwana wanu akwawapo. Ndipo thovu, mafuta a injini na matope zikathila mu mfolo wotsekeka kale na mapepala, mvula yoyamba izazibweza pakhomo panu.

Malamulo alipo. Lusaka City Council ndiyo ipatsa zilolezo za malonda, ZEMA iyang'anila zonyansa zotayidwa m'madzi, WARMA ilembetsa maborehole. Cimene cisowa ni munthu wofika pa malo n'kufunsa zinthu zosavuta: madzi mutenga kuti, ndipo dzenje lokhazika matope na mafuta lili kuti? Kutseka ma car wash monga mmene timathamangitsila ogulitsa m'miseu kolela ikabuka sikungathandize, cifukwa mawa azatsegula kuseli kwa nyumba. Kuwalembetsa, kuwauza kukumba dzenje, na kuwalamula kupatsa lisiti yolembapo mtundu wa kapeti ni zinthu zimene khansala wa wadi angayambe mwezi uno, mvula ikalibe kugwa.

Kapeti ya azakhali manje ili yopinda pansi pa bedi. Pa sitting room anayalapo ya pulasitiki ya ku Kamwala.