Bokosi timalipira mwezi ndi mwezi, nanga mankhwala?

Abale anga a pamsewu ndi amayi a geni, mwezi watha tinasonkha ndalama pagulu pano chifukwa cha mdala wathu wina, dalaivala wa zaka 61, amene anagwa ali pamzere wa mathiraki ku Beitbridge. BP inakwera, mbali imodzi ya thupi inafa. M'chikwama chawo tinapezamo mapepala awiri a funeral cover, onse olipiridwa osadumphitsa mwezi. La matenda panalibe. Akanamwalira, thupi likanafika kumudzi mwaulemu. Poti anapulumuka, katundu yense anagwera mwana wawo wamkazi wogulitsa zitenje.

Maliro ochokera ku Joni ndi okwera mtengo, funeral cover musaisiye. Koma munthu akapitirira zaka 50, kawirikawiri matenda ndi amene amayamba kudya mpamba: shuga, BP, impso, maso. Maganizo anga ndi akuti chipatala cha boma chikhale poyambira, ndipo inshuwalansi yolipira igulidwe pa zimene boma silikwanitsa basi. Ambirife timagula mosaona, kapena sitigula n'komwe.

Kumudzi ku Malawi chipatala cha boma ndi chaulere, kuyambira cha m'dera mpaka ku Queens, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Mayi anga ali ndi shuga ndipo sikelo yawo amapita ya boma, kabuku kawo ka kuchipatala kali ndi mbiri yonse. Vuto limabwera tsiku limene awauza kuti mankhwala atha, akagule ku famase, kapena akafunika kujambulidwa n'kupatsidwa tsiku lakutali. Zipatala za mishoni za CHAM zimathandiza, koma zambiri zimalipiritsa. Apa ndiye pamene medical aid ngati ya MASM imalowa. Musanalembetse makolo, funsani muli nawo pomwepo: kodi pa msinkhu wawowu mukuwalandira? Matenda amene ali nawo kale mudzayamba kulipira liti? Mankhwala a mwezi ndi mwezi alimo, ndipo malire ake pachaka ndi ndalama zingati? Mayankho akhale olembedwa. Ngati pulani imene mungakwanitse silipira mankhwala a shuga ndi BP, bola kupatula ndalamayo pa Mpamba kapena Airtel Money pa nambala yosakhudzana ndi geni. Ine ndimachita zimenezi, ndipo nambalayo amasunga ndi mchemwali wanga, chifukwa ndimadzidziwa ndikaona katundu wotchipa ku Tunduma.

Anzathu a ku Chipata ndi ku Lusaka muli ndi NHIMA, yochokera pa lamulo la 2018. Wolembedwa ntchito amadulidwa 1 peresenti, bwana n'kuikaponso 1 peresenti, ndipo wa bizinesi yakeyake amatha kulembetsa yekha. Opitirira zaka 65 salipira, koma ayenera kulembetsa. Agogo ambiri ali pakhomo osalembedwa chifukwa ana ali pamsewu. Tsiku limodzi lopuma n'lokwanira kuwaperekeza ndi NRC yawo. Kumbukiraninso kuti NHIMA imagwira pa zipatala zimene anagwirizana nazo ku Zambia komweko. Mukadwalira ku Tete kapena ku Musina musaidalire.

Ku South Africa ndiye kumafunika maso. Gawo 27 la malamulo aakulu a dzikolo limati munthu asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi, koma bilu ikhoza kukutsatani, ndipo nonse mukudziwa zimene alendo akhala akukumana nazo pazipata za makiliniki. Lamulo la NHI a Ramaphosa analisainira mu May 2024, koma silinayambe kulipirira odwala, ndiye musadikirire limenelo.

Medical aid ya kumeneko imayendetsedwa ndi lamulo la 1998, pansi pa Council for Medical Schemes. Sikimu yotseguka kwa aliyense singakukaneni chifukwa cha ukalamba kapena matenda, komanso iyenera kulipira mndandanda wa matenda okhalitsa amene shuga ndi BP zilimo. Msampha wake ndi chilango cha olowa mochedwa. Amawerenga zaka zimene mwakhala opanda sikimu kuyambira pa zaka 35. Zikakhala 1 mpaka 4, akhoza kuwonjezera 5 peresenti pa malipiro a mwezi. 5 mpaka 14, ndi 25 peresenti. 15 mpaka 24, ndi 50 peresenti. 25 kupita m'tsogolo, ndi 75 peresenti. Dalaivala wa zaka 58 amene sanalowepo ali pa zaka 23, ndiye 50 peresenti. Akazengereza mpaka 60, ndi 75. Chilangocho sichitha pakapita chaka, mumayenda nacho. Powonjezera apo akhoza kukudikiritsani miyezi 3 pa chilichonse ndi miyezi 12 pa matenda amene munalowa nawo. Inu a zaka za m'ma 30 amene muli ndi mapepala ndi ntchito yokhazikika kumeneko, nkhaniyi ndi yanu kuposa ya madala. Kampani ikakulembetsani m'sikimu, pochoka tengani satifiketi yosonyeza zaka zimene munalimo, idzakuchepetserani chilango.

Samalaninso ndi mayina. Hospital plan ndi medical aid yolipira chipatala mukagonekedwa. Hospital cash plan imangokupatsani kandalama pa tsiku lililonse limene mwagona, bilu ndi yanu. Gap cover imalipira kusiyana kwa mtengo wa dokotala ndi zimene sikimu yapereka, ndipo popanda medical aid ilibe ntchito. Ogulitsa pafoni amathamanga pamawu amenewa.

Wina anena kuti ali ndi Yellow Card ya COMESA. Imeneyo ndi ya ngozi ya galimoto. Sitiroko yokugwirani mutaima pa boda si ngozi ya galimoto. Pa zimenezo funsani inshuwalansi ya paulendo, ndipo muone ngati ikuvomera msinkhu wanu, matenda amene muli nawo kale, ndi munthu woyenda pa ntchito osati kokacheza. Abwana a kampani afunsidwenso poyera kuti dalaivala akadwalira kunja amalipira ndani.

Ndikudziwa kuti ambiri pano geni yake ndi yongopezera ya ndiwo, ndipo medical aid ya ma rand sangaifike. Palibe manyazi. Kayezetseni BP ndi shuga ku chipatala cha boma musananyamuke, tengani mankhwala okwana ulendo wonse ndi masiku ochedwa pa boda, kabuku ka kuchipatala kakhale pamodzi ndi pasipoti.

Mdala uja tsopano ali kwawo, akuphunzira kuyenda ndi ndodo. Mankhwala akugula ndi mwana wawo uja, ndipo ma funeral cover awiri aja akulipiranso yemweyo. Ofuna kuthandizapo mundipeze ku inbox.