"A" kapena "an": tiphunzitse khutu, osati diso

Aphunzitsi anzanga a Chingerezi, pali lamulo limene ana amaloweza kuyambira ku pulayimale, lakuti "an" amatsogolera mawu oyamba ndi a, e, i, o, u, pomwe "a" amatenga ena onse otsala. Ine ndikuti lamuloli tisiye kuliphunzitsa choncho, chifukwa ndi loperewera ndipo likulakwitsa ana.

Chomwe chimalamula ndi kamvekedwe ka mawu pakamwa, osati lembo loyamba papepala. Timati "an hour" ndi "an honest man" chifukwa h wa pamenepo satchulidwa. Timati "a uniform", "a university" ndi "a European" chifukwa mawuwa amayamba ndi "yu". Naye "one" amamveka "wani", n'chifukwa chake timati "a one-way street".

Mwana wathu sakhala wopusa akalemba "an university". Chichewa chimalembedwa pafupifupi monga chimayankhulidwira, choncho iye anazolowera kukhulupirira malembo. Komanso Chichewa chilibe timawu totere: "ndaona galu" ndi chiganizo chokwanira. Tikamupatsa lamulo la malembo, amaligwiritsitsa ndi manja awiri.

Taonani mawu ofupikitsa amene ali pakamwa pathu tsiku ndi tsiku. Timati "an MSCE certificate", "an MP" ndi "an NGO", popeza timatchula "emu" ndi "eni". Koma timati "a MANEB official", chifukwa MANEB timamutchula ngati liwu limodzi loyamba ndi "ma". Lembo ndi lomwelo la M, mayankho awiri osiyana. Lamulo la a, e, i, o, u lingafotokoze bwanji zimenezi?

Mbiri nayo ikuvomereza. M'Chingerezi chakale munali liwu limodzi, "an", lotanthauza chimodzi. Pang'onopang'ono n anayamba kugwa potsogolera mawu oyamba ndi kamvekedwe ngati b, d kapena k, kuti lilime lisavutike.

Ena anena kuti lamulo lakale ndi losavuta kwa ana aang'ono. N'zoona, koma chosavuta ku Sitandade 5 chimadzalipiritsa ku Fomu 4, kumene munthu sangalandire satifiketi ya MSCE osakhoza Chingerezi.

Pempho langa ndi ili: mwana asanalembe, ayambe watchula liwulo mokweza. Ngakhale m'kalasi la ana ambiri lopanda mabuku okwanira, izi sizifuna ndalama. Mphindi zisanu zokha kumayambiriro a phunziro n'zokwanira.